Mutu 7: Wonenerera Nsalu

Munthu akaima m'mbali mwa msewu wa M1 pa Uliwa, pafupi ndi doko la Chilumba, sachedwa kuona kuti zovala zambiri za dziko lino zimayenda kuchokera kumpoto kupita kummwera. Mabasi ndi maminibasi ochokera kuchipata cha Songwe amadutsa atalemedwa ndi zikwama zamizeremizere, ndipo m'zikwamamo muli zitenje, nsapato, meshi, mawigi ndi mabotolo a mafuta odzola. Katunduyu amakhala atapikulidwa ku Kyela, ku Mbeya kapenanso kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, komwe amayi a geni amangoti "ku Taifa". Pang'ono chabe ndiye amatsikira pano. Wambiri amakwera zitunda za Chiweta kupita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komwe mtengo wake umakafika utanenepa.

Pakhonde la sitolo pali telala. Makina ake ndi opalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, choko kuseri kwa khutu. Mumpatse chitenje cha mamita awiri ndi chithunzi cha pa foni, pakatha masiku atatu mudzapeza diresi lokhala bwino pathupi ngati munabadwa nalo. Koma mumufunse kuti kunja kwa mudzi uno akumudziwa ndani, adzangoseka. Makasitomala ake ndi amayi a kutchalitchi, ana a sukulu ofuna yunifolomu, ndi akwati a mwezi wa Ogasiti ndi Okutobala. Luso ali nalo, koma dzina lake limathera pomwe pamathera mawu a anthu omwe anawasokerapo.

Pakati pa telala uyu ndi munthu wa ku Area 47 ku Lilongwe amene akanalipira katatu pa diresi lomwelo pali ntchito ya munthu wina. Munthuyo sasoka, sadula nsalu, saluka tsitsi. Zida zake ndi mawu, chithunzi, ndi kudziwa kuti uthenga uwu uyenera kugwera m'khutu la yani. Achinyamata ambiri amene amaphunzira zofalitsa nkhani m'mayunivesite athu amamaliza zaka zinayi osamvapo kuti imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo.

Kunja ntchitoyi ndi yakale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mzinda wa Paris utagwa m'manja mwa Germany mu 1940, atolankhani a zovala a ku America analibenso kolowera, popeza anazolowera kukaona mafashoni atsopano ku France. Mayi wina dzina lake Eleanor Lambert, amene ntchito yake inali yonenerera anthu aluso kwa atolankhani, anaona mpata. Mu 1943 anasonkhanitsa atolankhani ku New York kwa sabata imodzi kuti aone zimene osoka a ku America komweko ankapanga. Chionetsero chachikulu cha mafashoni cha ku New York, chimene lero dziko lonse limachidziwa, chinamera pamenepo. Mayiyu sanali wosoka.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha ku Africa konkuno. Mumzinda wa Lomé ku Togo munali amayi a malonda amene ankatchedwa Nana Benz, chifukwa analemera mpaka kumagula galimoto za Mercedes-Benz. Nsalu zimene ankagulitsa zinkadindidwa kutali, kufakitale ya Vlisco mumzinda wa Helmond ku Netherlands, ndipo zinkafika zili ndi manambala okha. Pamsika ndi pamene zinkapatsidwa maina. Ina inatchedwa diso la mkazi mnzanga, ndipo mayi wa pamitala ankaigula kuti alankhule popanda kutsegula pakamwa. Nambala siikhala m'mutu mwa munthu, dzina limakhala. Anzathu a ku Tanzania anapita patsogolo, mawuwo anangowadinda pansalu penipeni: kanga iliyonse ili ndi chiganizo cha Chiswahili m'mphepete, ndipo wogula amayamba wawerenga asanayang'ane maluwa ake. Anthu a ku Karonga sangadabwe nazo zimenezi. Mpunga wa m'madambo a Hara ndi Wovwe ukafika ku Blantyre, chimene chimakweza mtengo wake ndi dzina loti Kilombero, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amalibwereka dzinalo n'kuliika pa mpunga wina uliwonse.

Wophunzira wa ku Malawi ayeneranso kudziwa kuti kwathu kuno chovala sichinakhalepo nkhani yopepuka. Mu 1973 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yosafika m'mawondo, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa ngakhale pabwalo la ndege. Nthawi yomweyo mbumba inkavina itavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi. Lamulolo linachoka pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994, koma nsalu ya chipani inatsala, inangochulukitsa mitundu: yachikasu ya UDF, yabuluu ya DPP, yaolenji ya PP. Ndipo maganizo a lamulo lija sanafe nalo limodzi. Mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu anavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi ku Lilongwe ndi m'mizinda ina, mpaka amayi anachita msonkhano waukulu wokwiya ku Blantyre ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhulapo. Mtsikana amene akukonza chithunzi chotsatsira diresi lalifupi, kuti chikaoneke pa foni za anthu a ku Nyungwe kapena ku Wovwe, akuponda pa mbiri imeneyi, kaya akuidziwa kaya ayi.

Si za ndale zokha. Amayi a Umanyano m'Sinodi ya Livingstonia, monganso a Mvano kuchigawo chakummwera, amadziwika patali ndi zoyera ndi zakuda zawo. Ovina malipenga ndi mapenenga m'mbali mwa nyanja muno amapikisana pa kuyera kwa malaya, kuwongoka kwa mzere wa kabudula ndi kutalika kwa masokosi, mofanana ndi mmene amapikisanirana pa sitepe. Amene amati mafashoni ndi zinthu za m'tauni sanaonepo gulu la malipenga likulowa m'bwalo.

Nanga ntchitoyi imaphunzitsidwa kuti? Utolankhani ndi zofalitsa mauthenga a malonda zimaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, ku Malawi Institute of Journalism, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndi ku Yunivesite ya Mzuzu. Kusoka kuli kwina, m'masukulu a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA ndiponso pakhonde pa telala wamkulu amene amaphunzitsa mwana wa mlongo wake. Njira ziwirizi sizikumana kawirikawiri. Wa digiri maso ake ali pa mpando wa mneneri wa unduna, wa banki kapena wa bungwe lothandiza anthu, ndipo sitingamunene, chifukwa kumeneko n'kumene kuli malipiro a pamwezi. Zitsanzo za m'kalasi nazonso zimatsata komweko: uthenga wa katemera, wa kolera, wa chisankho. Zonsezi n'zofunika. Koma m'dziko limene tawuni iliyonse ili ndi saluni ndi matelala ochuluka kuposa maofesi, n'zodabwitsa kuti wophunzira angamalize maphunziro osalembapo mawu otsatsira diresi limodzi.

Chilumba ali pamalo oti kusiyanaku kumaoneka ndi maso. Chakumpoto pang'ono, pa Ngara, ndi pamene boma linakhazikitsira mu 2015 ndondomeko ya makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Chakummwera, munthu akafika pa Chitimba n'kukweza maso, amaona phiri la Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894 ndipo kumene Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003. Chosangalatsa n'chakuti sukulu ya Laws sinkalekanitsa buku ndi manja. Pamalo amodzi pankaphunzitsidwa uphunzitsi, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga a pawaya. Mpanda umene uli pakati pa "ophunzira" ndi "amisiri" tinaumanga pambuyo pake.

Kumpoto komweku kuli umboni woti mpandawo ungagumulidwe. Chionetsero cha Mzuzu Fashion Week, chimene chinayamba chapakati pa zaka za m'ma 2010, anachiyambitsa Wezi Mzumara, mwini kampani ya Kwanza PR. Monga zinalili ndi Eleanor Lambert, nako ku Mzuzu amene anasonkhanitsa osoka, ojambula, atsikana ndi anyamata oonetsa zovala, atolankhani ndi makampani othandiza ndi ndalama anali munthu wa ntchito yofalitsa uthenga. Lilly Alfonso, amene anatchuka atapambana mpikisano wa Fashion Malawi Edition mu 2010 ndipo waonetsapo zovala zake ku London, luso la manja ndi lake, koma ambiri a ife tinamudziwa kudzera m'nyuzipepala ndi m'zithunzi tisanagwirepo chovala chake.

Tsono tiyerekeze kuti mphunzitsi watenga ophunzira khumi n'kutsika nawo kunyanja kwa milungu iwiri, aliyense n'kumupatsa telala mmodzi kapena saluni imodzi ya pa Uliwa kapena ya kujeti. Aphunzira chiyani chimene bolodi silingawaphunzitse?

Tsiku loyamba lomwe adzagundana ndi chilankhulo. M'kalasi anazolowera kulemba m'Chingerezi. Pano telala amaganiza m'Chitumbuka, kasitomala wochokera ku Kaporo amalankhula Chinkhonde, wopikulitsa wa ku Kasumulu amawerengera ndalama m'Chiswahili, ndipo wogula wa ku Lilongwe adzafunsa mtengo m'Chichewa chosakaniza. Uthenga umodzi uyenera kubadwa kangapo, ndipo kumasulira liwu ndi liwu sikuthandiza. Nthabwala imene imaseketsa ku Ndirande ikhoza kumveka mwano ku Chilumba. Ngakhale moni ali ndi malamulo ake. Wophunzira amene adzafike pakhonde n'kuyamba kujambula asanapereke ulemu kwa adada kapena amama a pamalopo adzabwerera ndi zithunzi za munthu wokwinya nkhope.

Kenako chithunzi. Apa mphunzitsi achedwepo, chifukwa malonda ndi m'maso. Kujambula munthu wakuda atavala chitenje chowala, dzuwa la ku Karonga lili paliwombo, n'kovuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Kamera ikatsata nsalu, nkhope imasanduka mthunzi. Ikatsata nkhope, mitundu ya nsalu imafwifwa. Vutoli lili ndi mbiri yake: kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkayeza mitundu ya zithunzi zake pogwiritsa ntchito chithunzi cha mzimayi wachizungu, choncho khungu lakuda linkatuluka loipa. Chimodzi mwa zimene zinathandiza foni za Tecno kugwira msika wa ku Africa n'chakuti opanga ake anakonza kamera kuti izitulutsa bwino nkhope zakuda. Wophunzira adzazindikira yekha kuti nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, kuti mthunzi wa mtengo wa mango umaposa fulashi, ndi kuti mchenga woyera wa m'mbali mwa nyanja umabwezera kuwala kunkhope kwaulere. Adzaphunziranso kuti chithunzi chokongola chimene chasintha mtundu weniweni wa nsalu chimabweretsa mkangano katundu akafika kwa mwini wake.

Mawu a pansi pa chithunzi ndi phunziro lina. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pafala chizolowezi choika chithunzi popanda mtengo, n'kumauza aliyense wofunsa kuti abwere kuseri. Ogulitsa amati akubisira anzawo opikisana nawo. Ine ndimaona kuti amathamangitsa ogula ambiri kuposa amene amawasunga, chifukwa munthu wa bandulo yotsala pang'ono safuna kucheza, akufuna adziwe mtengo, masaizi, masiku osokera, ndiponso ngati angalipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndipo katunduyo afika bwanji? Apatsidwa kwa kondakitala wa basi ya ku Lilongwe, kapena akwera Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo Chilumba ndi doko lake lomaliza kumpoto, kuti akatsikire ku Nkhata Bay kapena ku Likoma? Zimenezi zimaoneka ngati si ntchito ya wofalitsa uthenga, koma lonjezo lililonse lolembedwa pansi pa chithunzi ndi iye walilemba.

Wailesi asaiiwale. Ku Karonga kuli Tuntufye FM ya Dayosizi ya Katolika ndi Radio Dinosaur, ndipo mayi amene alibe foni ya intaneti amamvera zimenezi akupeta mpunga. Kufotokoza diresi kwa munthu amene sakuliona, m'masekondi makumi atatu, ndi mayeso abwino a luso la mawu kuposa nkhani ya masamba asanu.

Mbali ya zodzoladzola ndi imene ili ndi minga. M'zikwama zija zochokera kumalire mumakhalanso mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, ena mercury, ena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol, amene dokotala amapereka kwa masiku owerengeka pa matenda a pakhungu. Munthu akawadzola miyezi yambiri khungu limapyapyala, limachita mizere, limatuluka ziphuphu, ndipo pamasaya pamabwera zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Mercury amawononganso impso ndi mitsempha, ndipo amatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, Rwanda inayamba kuchotsa mafuta otere m'masitolo chakumapeto kwa 2018, ndipo pangano la maiko la Minamata la mu 2013 linaika malire pa mercury wa m'zodzola. Komabe mabotolowo akuyendabe, chifukwa uthenga wake ndi wokoma: chithunzi cha "kale" ndi cha "tsopano", ndi mawu onyengerera oti mafutawa amangochotsa zipsera kapena kuwalitsa nkhope. Chikomekome cha mkuyu. Amene analemba mawu amenewo ndi munthu wa ntchito yomwe tikukambayi, ndipo anaigwira mwaluso.

Nchifukwa chake phunziroli silingakhale la kutsatsa kokha. Wophunzira aphunzire kutembenuza botolo n'kuwerenga zolembedwa zing'onozing'ono kumbuyo, adziwe ntchito ya Malawi Bureau of Standards, ya bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndi ya Competition and Fair Trading Commission imene imalandira madandaulo a otsatsa mwabodza. Adziwenso kuti tsiku lina adzapatsidwa ndalama zabwino kuti ayamikire chinthu chimene sangalole mng'ono wake kudzola. Ku Chilumba nkhani ya khungu si yachilendo. Kuyambira 1979 pamalopa pakhala likulu la kafukufuku amene anayamba ndi matenda a khate, wodziwika kwa zaka zambiri ndi dzina loti Karonga Prevention Study, ndipo ogwira ntchito ake anayenda khomo ndi khomo m'boma lonse akuyeza anthu pakhungu. Kalasi imene yafika kuno ingachite bwino kupempha wachipatala kuti adzaifotokozere zimene mafuta aja amachita, isanapite kusaluni.

Chilungamo pa nkhani ya khungu chimagulitsanso. Mu 2017 woimba Rihanna anatulutsa zodzola za Fenty Beauty zokhala ndi mitundu 40 ya mafuta a kunkhope, kuyambira oyera kwambiri mpaka akuda bii, ndipo makampani akuluakulu amene kwa zaka ankanyalanyaza akazi akuda anayamba kuthamangira kuwonjezera mitundu yawo. Uthenga wake unali wosiyana ndi wa mabotolo a pamalire, chifukwa sunkauza munthu kuti asinthe khungu.

Funso limene ophunzira amafunsa msanga ndi la ndalama, ndipo ayankhidwe mosabisa. Makampani a zovala olemba munthu ntchito ya pamwezi yofalitsa uthenga ndi ochepa kwambiri m'Malawi. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, siilinso ndi mphamvu zake zakale. Telala akupikisana ndi belo la kaunjika, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, zipi ndi chitenje cha ku Taifa zonse zinakwera. Wolowa m'ntchitoyi nthawi zambiri adzakhala wodzilemba yekha: lero akujambula zovala za telala, Loweruka akuyendetsa uthenga wa chinkhoswe, mawa lake akulembera nyuzipepala ya Lamulungu nkhani ya kavalidwe, kwinaku akusamala masamba a pa intaneti a masaluni atatu. Choncho aphunzitsidwe kuika mtengo pa ntchito yake, kulemba pangano ngakhale la tsamba limodzi, kupempha chilolezo kwa munthu asanaike nkhope yake pa intaneti, ndi kukana amene amati malipiro ake ndi kutchuka. Atsikana oonetsa zovala ndi amene amapwetekedwa kwambiri ndi malipiro a mtundu umenewu, ndipo wokonza chionetsero ndi amene amasankha kuwalipira kapena kuwapatsa botolo la Fanta.

Pali phunziro lina limene limabwera mochedwa, uthenga ukagwira. Mu Seputembala 2019, Meghan, mkazi wa Prince Harry, anafika ku Nyanga mumzinda wa Cape Town atavala diresi lakuda ndi loyera la Mayamiko, kampani imene Paola Masperi anayambitsa ndipo zovala zake zimasokedwa ku Lilongwe. Zithunzi zinazungulira dziko lonse ndipo madiresiwo anatha nthawi yochepa. Kampani yaing'ono yosoka ndi manja singachulukitse katundu usiku umodzi ngati fakitale ya ku China. Chimodzimodzi pa Uliwa. Wophunzira wathu akajambula bwino, n'kulemba bwino, maoda makumi atatu akhoza kugwa pa sabata imodzi, pamene telala wake ndi makina ake opalasa amamaliza madiresi awiri pa tsiku, ndipo chitenje cha maluwa amene aja chinatha kale ku Kyela. Anthu atumiza kale theka la ndalama pa foni. Pofika Lachisanu akuimba, ndipo nambala imene ili pansi pa chithunzi ndi ya wophunzirayo.